Mtengatenga Si Dzina la Munthu

Munthu akakwera phiri la Zomba mvula itangotha, kumwamba kutayera, anyamata otsogolera alendo amamtengera ku malo aŵiri otchuka, kumene maso amafika kutali mpaka ku nyanja ya Chilwa ndi ku phiri la Mulanje. Malo oyamba amatchedwa Queen's View, chifukwa mayi wa Mfumukazi ya ku Mangalande adaimapo m'chaka cha 1957. Achiŵiri amatchedwa Emperor's View, chifukwa Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia idaimapo m'chaka cha 1965. Alendo aŵiriŵa adafika, adayang'ana chigwa, adayamikira, nabwerera kwawo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mame aŵa sadakamuke, pakuti maina awo akali pa phiri kufikira lero.

Sitikuwaŵerengera mlandu alendowo. Kulemekeza mlendo ndi mwambo wathu, ndipo sitifuna kuti wina akazule zikwangwani zimenezo. Koma tiyeni titsike phiri, tidutse pa Ku Chawe, tiloŵe m'tauni, tikaime pakhomo pa positi ofesi. Nyumba imeneyi imangodziŵika ndi dzina la mzinda. Ife tikuti ipatsidwe dzina la munthu, ndipo munthuyo akhale mmodzi mwa amuna aja amene ankasenza matumba a makalata, pansi, usana ndi usiku, pakati pa Zomba ndi Blantyre ndi m'njira zina za dziko lino. Tikunena dzina lake lenileni, limene amayi ake ankamuitana nalo, pamodzi ndi mfunda wake.

Kuti pempho ili limveke, tikumbutsane kumene mtokoma wa dziko lino udachokera. M'chaka cha 1891 Harry Johnston adakhazikitsa boma la Angerezi m'dziko muno, likulu lake ku Zomba. Chaka chomwecho adatuma Hugh Marshall ku Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire, ndipo kumeneko kudatsegulidwa positi ofesi yoyamba. M'chaka cha 1893 kudafika Ernest Harrhy kuchokera ku Cape kudzalongosola ntchito yonse ya makalata. Makalata a kunja ankatsikira pa doko la Chinde, kumathiriro a Zambezi, nakwera ndi sitima za pamadzi mu Zambezi ndi mu Shire. Kumene madzi adalekezera kudayambira mapazi a anthu. Njanji idafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, koma ku Zomba sidafike, ndipo mpaka lero kulibe. Kotero mzinda umene udali likulu la dziko kwa zaka 84, kuyambira 1891 mpaka 1975 pamene lidasamukira ku Lilongwe, udayamba ntchito yake modalira miyendo ya anthu a m'midzi. Lamulo la Bwanamkubwa likadangokhala pepala pa tebulo pakadapanda munthu wolisenza kukalitula kwa DC ku boma lakutali.

Talingalirani ulendo umodzi wokha. Kuchokera ku Zomba kufika ku Blantyre ndi mtunda woposa makilomita 60. Munthu ankanyamuka ndi thumba, naoloka Likangala, naoloka Thondwe, naoloka Namadzi, kufikira atakumana ndi mnzake wochokera ku Blantyre pa kanyumba kosinthanirana matumba. Apo ankapatsana katundu, yense nabwerera kumene adachokera. Mitsinje imeneyi lero timaidutsa pa milatho tili m'minibasi, tikucheza pa foni. Nthaŵi ya dzinja idali mitsinje yoti munthu aziyamba waima pagombe, naganiza za ana ake. M'tchire mudali mikango ndi akambuku, mwakuti boma lidaona kuti n'koyenera kupatsa amtengatengawo mfuti. Thumba likanyowa, mlandu udali wa wosenza. Likachedwa, mlandu udali wake. Likafika bwino, monga linkafikira masiku ambiri, woyamikiridwa adali mkulu wa positi ofesi amene adagona pa bedi lake usiku wonsewo.

Taonani mmene maina a Johnston, Marshall ndi Harrhy atulukira mosavuta m'nkhani ino. Ali m'mabuku, ndipo mwana wa sukulu wofuna kuwadziŵa angathe kuwapeza. Tsono tikufunseni, aŵerengi athu, inu amene mudaphunzira mbiri ya dziko lino: tchulani dzina la munthu mmodzi yekha amene adasenza thumba lija. Mwina wina ayankha kuti anthu ameneŵa sadaiŵalike, popeza ku Namaka, m'mbali mwa msewu wa Zomba ndi Blantyre, kuli kanyumba kamene kadasungidwa kuti kazitikumbutsa za ntchito yawo, ndipo kamatchedwa Mtengatenga. Inde kalipo, ndipo amene adaganiza zokasunga adachita bwino. Komatu Mtengatenga si dzina la munthu. Ndi dzina la ntchito, monga mlonda, kalaliki kapena mmisiri. Palibe mayi adatchapo mwana wake Mtengatenga. Tikalemba liwu limeneli pa khoma n'kukhutira, ndiye kuti takumbukira katundu, taiŵala mutu umene udamsenza.

Ndiponso liwuli lili ndi mbiri yoŵaŵa. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amuna a dziko lino oposa 100,000 adatengedwa m'midzi, ambiri mokakamizidwa, kukasenza chakudya ndi zida za asilikali kunka kumpoto ndi kupyola malire. Onsewo ankangotchedwa amtengatenga. Ambiri adafera m'njira ndi matenda, njala ndi kutopa. Amene ankawagwiritsa ntchito ankawaŵerenga monga timaŵerengera matumba a chimanga: lero anyamuka angati, afika angati. Mu Zomba momwemo muli chipilala cha asilikali a KAR, ndipo malo a asilikali ali ndi dzina la Cobbe, mkulu wa nkhondo wa Chingerezi. Wosenza katundu adatsala ndi dzina la gulu. Atsamunda adachita zimenezo chifukwa sankaona munthu pansi pa katunduyo. Nanga ife, zidzukulu za anthu omwewo, tikupitiriza chizoloŵezi chimenechi chifukwa chiyani?

Tisanamizire kuti Amalaŵi sitisamala za maina. Timasamala kwambiri. Titalandira ufulu m'chaka cha 1964, Port Herald idakhala Nsanje, Fort Johnston idakhala Mangochi, Fort Manning idakhala Mchinji, Fort Hill idakhala Chitipa. Tidachita bwino, pakuti dziko liyenera kudziitana ndi pakamwa pake. Koma taonani zimene zidatsatira. Bwalo la ndege la ku Lilongwe, chipatala chachikulu cha mumzindawo ndi bwalo la zamaseŵero la ku Blantyre zidatchedwa dzina la Kamuzu. Boma litasintha m'chaka cha 1994 dzinalo lidafufutidwa, ndipo litasinthanso m'chaka cha 2004 lidabwezeretsedwa. Mlatho wa ku Mangochi uli ndi dzina la Bakili Muluzi. Bwalo lalikulu la zamaseŵero ku Lilongwe lili ndi dzina la Bingu. Sitikutsutsa kuti atsogoleri azikumbukiridwa. Tikungoti mndandanda wa maina athu ukaŵerengedwa wonse, ukuphunzitsa mwana phunziro limodzi: kuti dziko lino lidamangidwa ndi mafumu a kunja, akazembe ndi apulezidenti, ndi kuti munthu wamba ntchito yake ndi kuomba m'manja pa tsiku lotsegulira.

Pali mwambi woti ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Azungu oyamba aja ankayenda m'machila, ndipo mame sankawadziŵa, chifukwa ankagwera pa miyendo ya owanyamula. Ife ophunzira a lero, amene timakhala m'makomiti osankha maina, takwera m'machila omwewo. Tikafuna dzina timayang'ana kumwamba, kwa amene angatikweze pa ntchito kapena kutikumbukira pa chisankho. Dzina la mtengatenga silingakweze munthu aliyense, ndipo n'chifukwa chake palibe amene amalitchula pa msonkhano. Pa chifukwa chomwechonso dzina lotere likadakhala loona kuposa ena onse, pakuti palibe boma latsopano limene lingadzalifufute kuti likondweretse chipani chake.

Tikudziŵa kuti pali otsutsa, ndipo mawu awo tiwamve. Oyamba akuti anthu ameneŵa adali antchito a atsamunda. M'matumba awo mudali malamulo a msonkho, zikalata zomangira anthu ndi makalata a eni minda ikuluikulu amene ankazunza anthu ndi thangata. Zimenezo n'zoona. Koma pa mwambo wathu, amene watumidwa kukanena uthenga wa maliro sindiye wapha munthu. Ndiponso thumba lomwelo silinkasankha. Mudali makalata a John Chilembwe opita kwa abwenzi ake ku America kuchokera ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, dera lomwe kanyumba ka ku Namaka kali. Mudali madandaulo a mabungwe a eni dziko, kuyambira lija la kumpoto limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1912, momwe mudali Levi Mumba, opita ku boma ku Zomba. Anthu amene adadzakhazikitsa Nyasaland African Congress m'chaka cha 1944 adadziŵana ndi kumvana kupyolera m'makalata, wina ali ku Karonga, wina ku Blantyre, wina ku Lilongwe. Ngati tikulemekeza amene adalemba madandaulo, sitingamnyoze amene adawafikitsa.

Koposa zonse, m'matumbamo mudali makalata athu. Amuna a dziko lino adabalalika kunka ku Salisbury, ku Bulawayo, ku migodi ya mkuwa ndi ku Joni. Kumudzi kudatsala akazi, ana ndi nkhalamba. Amene tidakulira m'midzi tikukumbukira mmene mayi ankabisira envelopu m'nsalu, napita nayo kwa aphunzitsi kapena kwa mwana wa Sitandade 5 kuti amuŵerengere, mtima uli m'mwamba. M'kalatamo mudali uthenga woti bambo ali moyo, kuti atumiza ndalama ya msonkho ndi ya fizi, kuti mwana wobadwa iwo atachoka amutche dzina lakutilakuti. Mwamuna amene makalata ake adaleka kufika ankatchedwa mchona, ndipo banja lake linkatha. Kusiyana kwa mwamuna wa pa ulendo ndi mchona kudali kalata, ndipo kalatayo idafika pa mutu wa munthu, kenaka pa njinga ya munthu, ku kapositi ka kumudzi, ku sukulu, ku mishoni kapena ku sitolo kumene kudali keyala ya mudzi wonse. Maukwati angati adapulumuka chifukwa munthu wina adaoloka mtsinje wodzaza thumba lili pamutu? Amene akuti wosenza makalata adatumikira atsamunda okha akafunse agogo awo aakazi.

Achiŵiri akuti positi ofesi ndi chinthu chakutha. Lero uthenga umayenda pa foni, ndalama zimayenda pa Airtel Money ndi pa Mpamba, ndipo achinyamata ambiri sadanyambitepo sitampa. Bwanji kutaya nthaŵi kutcha dzina nyumba imene anthu akuileka? Ife tikuti chimenecho ndicho chifukwa chofulumirira. Pamene ntchito ikali pachimake, imadzichitira yokha umboni. Ikayamba kuzilala ndi pamene imasoŵa woikumbukira. Mwana amene amalankhula ndi bambo ake ali ku Johannesburg akuwaona nkhope pa foni ayenera kudziŵa kuti padali nthaŵi imene mawu omwewo ankayenda milungu, ndi kuti mbali yotsiriza ya ulendowo idali ya munthu wopanda nsapato. Ndipo ngakhale nyumbayo itadzasintha ntchito, dzina lidzatsala. Malo ambiri m'dziko muno akali kuitanidwa ndi maina a masitolo ndi a minda imene idatha kale.

Achitatu akuti maina adatayika, ndipo amatikumbutsa kuti m'chaka cha 1919 moto udapsereza nyumba ya maofesi a boma ku Zomba pamodzi ndi zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira. Motowo udachitikadi. Koma amtengatenga adapitiriza kuyenda zaka zambiri moto utazima, ndipo munthu aliyense wolandira malipiro a boma ankalembedwa penapake, pakuti atsamunda sankatulutsa ngakhale kobiri popanda kulemba. Nyumba yosungiramo zolembedwa za boma, National Archives, ili mu Zomba momwemo kuyambira 1947. Sukulu ya ukachenjede ya Chancellor College idasamukira ku Zomba m'chaka cha 1973, ndipo ophunzira ake a mbiri akhala akuyenda m'midzi kufunsa nkhalamba kuyambira kale. Kodi pali mzinda wina m'Malaŵi umene uli ndi zipangizo zofufuzira dzina la munthu kuposa Zomba? Ndiponso si zonse zili pa pepala. Madzi saiŵala khwaŵa. M'midzi ya kwa Chikowi, kwa Mlumbe, kwa Malemia, kwa Kuntumanji ndi kwa Mwambo, mbumba zimadziŵa ntchito zimene makolo awo ankagwira. Munthu akapita ku Thondwe, ku Namadzi ndi ku Namaka, nakhala pansi ndi mafumu mwaulemu, nafunsa kuti, "Kodi kuno kudali ndani ankayenda ndi makalata?" sadzabwerako chimanjamanja. Dzina limene silidafunidwe tisalitche lotayika.

Achinayi akuti kusankha mmodzi ndi kulakwira ena onse, ndipo kudzautsa mikangano pakati pa mabanja. Ili ndi dandaulo la nzeru, koma yankho lake si kukhala chete. Pakhale muyeso womveka kwa aliyense: amene adatumikira zaka zambiri, kapena amene adafera pa ntchito. Dzina lake likhale pamwamba pa khomo, ndipo maina a anzake onse amene adzapezeke alembedwe pa mwala m'kati, pasiyidwe ndi malo a maina odzapezeka m'tsogolo. Ndiponso positi si imodzi. Tidakula tikulemba pa maenvelopu maina a Domasi, Thondwe, Jali, Chingale ndi Namadzi. Dera lililonse lidali ndi munthu wake wa makalata, wapansi kapena wapanjinga, amene agalu a m'midzi adamzoloŵera. Zomba ingoyamba, ena adzatsatira.

Pali ena amene amaopa kuti makalata adzasokera dzina likasintha. Asaope. Ku America nyumba ya malamulo imakhazikitsa kaŵirikaŵiri malamulo otcha mapositi ofesi maina a anthu, ndipo pakati pa olemekezedwawo pali onyamula makalata wamba. Keyala sisintha, chimene chimasintha ndi chikwangwani cha pa nyumba. Wolemba "P.O. Box" ndi "Zomba" adzapitiriza kulemba chomwecho. Mtengo wa ntchito yonseyi ndi mwala umodzi, utoto ndi maulendo oŵerengeka a ku midzi. Ndalama zimene zimathera pa mafuta a galimoto za akuluakulu pa mwambo umodzi wotsegulira msewu zingakwanire kuchita zonsezi n'kutsalako.

Tsono tikupempha a Malawi Posts Corporation, amene ali eni nyumbayo, kuti anene poyera kuti avomera. Tikupempha khonsolo ya mzinda wa Zomba kuti nkhaniyi iikidwe pa mndandanda wa zokambirana zake. Tikupempha aphunzitsi a mbiri ku yunivesite kuti atume ophunzira awo ku National Archives ndi ku midzi ya m'mbali mwa msewu wakale, kuti ntchito yawo ya chaka chomaliza ikhale yofufuza maina ameneŵa. Tikupempha mafumu kuti afunse pa mabwalo awo. Ndipo inu aŵerengi amene mudamva kwa agogo anu kuti kholo lanu linkayenda ndi thumba la boma, lembani zimene mudamva: dzina, mfunda, mudzi ndi njira imene ankayenda, mukazipereke kwa amfumu kapena kwa aphunzitsi. Tsiku loyenera mwambowo lilipo kale. Pa 9 October chaka chilichonse maiko amakumbukira ntchito ya mtokoma, popeza pa tsiku limenelo m'chaka cha 1874 padakhazikitsidwa bungwe la mapositi a dziko lonse lapansi mumzinda wa Bern. Pa tsiku lotere, m'malo mwa zolankhula zazitali za nduna, chinsalu chivundukulidwe ndi mdzukulu wa mwini dzina.

Tisazengereze, pakuti zengerezu adalinda kwaukwau. M'chaka cha 1991 dziko lino lidakumbukira kuti mtokoma wakwanitsa zaka 100, ndipo nthaŵi imeneyo ana a amtengatenga akadali ambiri ndi moyo. Lero atsala adzukulu, nawonso ndi nkhalamba zoyenda ndi ndodo. Maliro aliwonse a ku Thondwe kapena ku Namadzi angathe kukwirira dzina limene tikulifunali, ndipo pamenepo mawu a otsutsa aja, oti maina adatayika, adzasanduka oona chifukwa cha ulesi wathu.

Amuna ameneŵa adapatsidwa ntchito imodzi: kufikitsa chimene adasenza kwa mwini wake, osatsegula, osataya, osachedwa. Dzina lililonse lolembedwa pa envelopu adalifikitsa, la Bwanamkubwa ndi la mayi wa kumudzi yemwe, ngakhale ambiri a iwo sankatha kuliŵerenga. Ife timatha kuŵerenga, tili ndi mabuku, tili ndi galimoto, ndipo tapemphedwa kufikitsa dzina limodzi lokha kuchokera kumudzi kukafika pa khoma la positi ofesi ya Zomba. Tikalephera, tisadzanamizirenso moto wa 1919.